Mwendo wa Kakowa

1. Kakowa akwera njinga

Loweruka limenelo Temwani Nyirenda anadzuka dzuwa litakwera kale, ndipo mavuto onse anayambira pamenepo.

Temwani anali mu giledi 11 pa sekondale ina ya kumwera kwa boma la Lundazi, ndipo anali membala wa kalabu ya kanema. Kalabuyo inali ndi zipangizo ziwiri zokha: kamera imodzi, ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu yaitali yakuda. Chifukwa cha miyendo yakeyo ana a sukulu anachipatsa dzina loti Kakowa, ngakhale kakowa weniweni ndi woyera.

Mwezi umenewo kunali mpikisano wa makanema afupiafupi a ana a sukulu. Opambana amayenera kupita ku Chipata, ndipo Temwani anali asanafikeko ku Chipata chibadwire. Membala aliyense anapatsidwa tsiku limodzi lojambula. La Temwani linali Lowerukali. Zipangizo amayenera kuzibweza pofika 3 koloko, chifukwa Lamlungu linali la mnzake Alinafe Phiri.

Madamu Zimba, mphunzitsi woyang'anira kalabu, anali atawachenjeza kale onse.

"Mvelani bwino," anatero Madamu. "Kakowa sakwela njinga. Muzimubeleka kumsana monga mwana, olo ulendo utalike bwanji. Njila zathu muzidziwa, ni zitsa na makwawa okhaokha. Miyendo yake ioneka yolimba, koma mkati ni mphako monga bango. Ndipo lamulo la ahedi silinasinthe: amene aononga chipangizo ca kalabu acoka mu kalabu tsiku lomwelo, kanema wake sapita kulikonse. Musabwele kuzanililila ine."

Temwani anawamva mawu amenewa, koma m'mawa umenewo anali atachedwa ndi ola lathunthu. Kubereka Kakowa kumapweteka msana ndipo sungapalase mothamanga. Choncho anaika kamera m'chikwama cha pachifuwa, Kakowa n'kumumangirira chopingasa pa kaliyala, iye n'kuuyamba ulendo ngati wothawa moto.

Kuthamanga sikufika. Potsetsereka kulowa m'kamtsinje kena, njira inapanikiza pakati pa zitsa ziwiri. Njinga inadutsa, Temwani anadutsa, koma Kakowa sanadutse. Kunamveka kuti thyo, njinga n'kugwera mumchenga.

Temwani anadzuka osayang'ana n'komwe chigongono chimene chinasupuka. Anayamba waona kamera, ndipo inali bwinobwino. Atatsegula thumba la Kakowa, mtima unamusiya. Mwendo umodzi unali utathyoka pakati, mbali ziwirizo zikungolendewera pa kachitsulo kopyapyala.

2. Kwa a Jere

Munthu amene Temwani amakamujambula anali a Jonah Jere, mlimi wa chimanga ndi woweta ng'ombe amene munda wake unali m'njira ya njovu zochokera ku nkhalango ya Lukusuzi. Bambowa ankadziwika dera lonselo chifukwa choumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola. Njerwazo akaziyatsa m'mphepete mwa munda, utsi wake umabweza njovu popanda mfuti kapena msampha.

Temwani anawapeza ali pakhola, akuyang'ana dzuwa.

"Monile asekulu," Temwani anapereka moni m'Chitumbuka.

"Monile mzukulu. Mwauka uli? Nimayesa wasintha maganizo. Ng'ombe izi zifunika ku dibi dzuwa likafika pamutu."

"Nauka makola, asekulu. Pepani nacedwa. Kodi muli na malegeni?"

A Jere anayang'ana chigongono cha mtsikanayo, kenako thumba limene anakumbatira. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Tulutsa tione wodwala."

Anautembenuza mwendowo m'manja mwawo, n'kusuzumira mumphako yake ndi diso limodzi.

"Uyu acila," anatero. "Tizamumanga monga mwendo wa thole. Nsungwi ili kuseli kwa nyumba. Tiing'ambe pakati, mbali ziwili zikumbatile citsulo, ndiye timange na lamba wa cikumba wonyowa. Cikumba cikamauma cikoka ceka. Ola limodzi padzuwa, olo ukhalepo iwe wemwe sazagwa."

"Koma nsungwi izaoneka, asekulu."

"Izaoneka, ee."

"Na mwendo suzapindika kulowa m'thumba."

"Suzapindika."

Temwani anayamba kuyendayenda, kuchoka pakhola kufika pankhokwe, kubwereranso. Anayang'ana nthawi pa foni kawiri m'mphindi imodzi.

"Iyayi asekulu, nipatseni cabe malegeni. Ni akuda monga mwendo. Nizaika kamtengo mkati, nimange bwino, palibe azaona. Nifuna cabe agwile lelo."

"Nanga mailo?"

"Mailo atenga Alinafe."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo atatuluka Temwani anayang'ana pansi. Alinafe anali mwana wa anthu ogwira ntchito m'minda ya fodya, ochokera ku Kasungu. Mwezi wathawo chivindikiro cha kamera chitasowa, kalabu yonse inaloza iye popanda umboni, ati chifukwa ndi wobwera. Ngati Kakowa akanathyokera m'manja mwake Lamlungu, panalibe amene akanafunsa kawiri.

3. Goli la a Mtonga

A Jere anakhala pa mtondo wogubuduzika, n'kuloza pansi kuti Temwani akhalenso. Iye anangonjuta, maso ali pa foni.

"Mzukulu, ika ako kafoni m'thumba. Nikuuze cinthu cimene sin'nauzepo olo ana anga.

"Nili mnyamata monga iwe, adada ananituma kukabweleka goli kwa a Mtonga, uko kuseli kwa dambo. Ine na cangu canga n'nakoketsa ng'ombe cigogo colema, goli n'kung'aluka. N'naopa. N'natenga phula na mwaye, n'kumata mng'alu wonse, n'kupaka dothi pamwamba. Goli linaoneka lonse monga latsopano. N'nabweza, a Mtonga n'kuniyamika kuti ndine mwana wosamala.

"Patapita masiku awili, mwana wao Friday anamanga ng'ombe pa ngolo yodzala cimanga. Pa citunda goli linathyoka. Ngolo inabwelela kumbuyo, ng'ombe imodzi n'kuthyoka mwendo, anaipha tsiku lomwelo. Friday anamenyewa na atate wake pamaso pa mudzi wonse. Anali kulila kuti sanalakwe, ine n'taimilila pamenepo, kamwa n'tatseka.

"Lelo Friday ni nkhalamba monga ine. Tipemphela chalichi cimodzi. Sabata iliyonse anipatsa moni na manja awili, ine nilephela kumuyang'ana m'maso. Zaka makumi anai na zisanu, mzukulu. Cinthu cothyoka ukacibisa sicicila, cingosamukila m'manja mwa munthu wina. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Manje sankha wekha. Malegeni ali apo pa nkhokwe, nsungwi ili kuseli."

Nkhaniyo inamulasa Temwani, zimenezo n'zosabisa. Koma Chipata inali ikumuitana mokweza kuposa a Jere. Anadzuka n'kupita pankhokwe.

A Jere sanamuletse. Anapita kuseri kwa nyumba mwakachetechete, n'kuponya lamba wa chikopa mu ndowa ya madzi.

4. Utsi wa tsabola

Kunena zoona, Temwani anali ndi manja aluso. Anasema kamtengo, n'kukalowetsa mumphako ya mbali zonse ziwiri, kenako anakulunga malegeni a mphira aja mothinitsa, mzere pamwamba pa mzere. Atamaliza, munthu woima mapazi atatu sakanadziwa kuti pali chilema. Mwendo unkapindikanso ndithu, ngakhale movutirapo.

"Mwaona asekulu?" anatero monyadira.

"Naona," anayankha a Jere.

Anapita kumunda. Chimanga chinali chitayamba kuuma ngayaye, ndipo m'mphepete munali mapazi a njovu aakulu ngati mabeseni. Temwani anaimika Kakowa, n'kumangirira kamera pamutu pake. Dzuwa linali likuswa mtengo.

A Jere anayamba kufotokoza. Anaonetsa ndowe, tsabola wosinja, ndi chikombole choumbira. Anafotokoza kuti njerwa imafuna masiku angapo kuti iume, ndiponso kuti woyatsa ayambe waona kumene mphepo ikuchokera. Ankalankhula bwino kwambiri, moti Temwani anayamba kudziona ali m'basi ya ku Chipata.

Chimene sanachione n'chakuti mphira ikatenthedwa ndi dzuwa imafewa. Malegeni anayamba kutamuka pang'onopang'ono. Pa galasi la kamera, a Jere anayamba kupendekeka ngati munthu woima pa phiri. Temwani anawongola kamera, n'kupitiriza. Patapita mphindi ziwiri anapendekekanso. Anawongolanso, thukuta likutsika m'khosi.

Kenako a Jere anaika khala la moto pa njerwa. Utsi woyera unayamba kufuka, ndipo mphepo, imene inali ikupita kuthengo, inatembenuka mwadzidzidzi. Utsi wopangira njovu unamupeza Temwani kumaso. Anatsokomola, maso anatseka okha, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri.

Pamenepo kamtengo ka mkati kanathyoka. Kakowa anagwada, kamera ikulunjika pa njerwa ya moto ija.

Temwani sanaone bwino chimene anachita. Anangodziponya kutsogolo manja ali patsogolo, n'kugwira lamba wa kamera. Iye anagwera m'ndowe ndi maondo onse awiri, koma kamera inatsala ikulendewera m'mwamba, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pamoto.

Anakhala pansi pomwepo. Misozi inali kutsika, ina ya tsabola, ina yake.

A Jere anakankhira njerwa ija kutali ndi ndodo, n'kuikwirira ndi dothi.

"Iwe uli na zaka zocepa, mafupa ofewa, wakwanitsa kuigwila," anatero. "Uyo mnzako mailo akajambula kuti?"

"M'cigafa ca fodya. Afuna kujambula amake posankha fodya."

"Pansi pali ciani?"

"Simenti," anayankha Temwani ndi mawu otsika.

5. Nsungwi ndi chikopa

Anabwerera kunyumba, Temwani atanyamula Kakowa m'manja. A Jere anadula nsungwi yokhwima, n'kuing'amba pakati ndi chikwanje. Anamupatsa Temwani mpeni kuti apale mfundo za mkati mpaka chitsulo chigone bwino mumphako.

"Manga wekha," anatero. "Wothyola ndiye amanga. Yambila pansi. Koka mpaka cikumba cilile madzi. Osapanga mfundo pamwamba pa cilonda, ipange kumapeto."

Chikopacho chinali choterera ndiponso chonunkha. Kawiri konse chinamupulumuka, a Jere n'kumuuza kuti amasule ayambirenso. Kachitatu anaponda nsonga imodzi ndi phazi, n'kukoka ndi manja onse mpaka zala zinachita dzanzi. Atamaliza anaimika Kakowa pabwalo, padzuwa.

Tsopano panatsala kudikira, ntchito imene Temwani sankaidziwa. Anakhala, anadzuka, anakagwira chikopa, anabwerera. Ng'ombe zinali kulira m'khola chifukwa nthawi ya dibi inali itakwana.

"Asekulu, ng'ombe zanu."

"Zizapita Ciwili. Nkhupakupa sizithawa. Ndipo leka kumugwilagwila wodwala, kuona maso a nkhono ni kudekha."

Itakwana 1 koloko chikopa chinali chitauma gwa. A Jere anatsamira Kakowa ndi thupi lawo lonse, ndipo Kakowayo sanagwedezeke. Koma kunena za maonekedwe, anali wochititsa manyazi: miyendo iwiri yakuda yonyezimira, wachitatu wachikasu, wonenepa, wokhala ndi ubweya wa ng'ombe apa ndi apo.

Anajambulanso zonse kuyambira pachiyambi, ulendo uno Temwani ataima kumene mphepo ikuchokera. Chithunzi sichinagwedere ngakhale pang'ono. Utsi unakwera bwinobwino kulowera kuthengo, a Jere akufotokoza ngati mphunzitsi. Anali kanema wabwino kuposa aliyense amene Temwani anajambulapo, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri, podziwa lamulo la ahedi.

Potsanzikana, a Jere anamubwereka chitenje cha akazi awo kuti aberekere Kakowa, poti m'thumba samalowanso.

"Yewo comene, asekulu."

"Yenda makola. Ukafika, ukayambe iwe kukamba, asanakufunse."

Temwani anavomera ndi mutu. Koma a Jere atatembenuka, anatola malegeni aja pansi n'kuwaika m'thumba la siketi.

6. Pa geti

Ulendo wobwerera unali wautali. Mwendo wa nsungwi unatulukira pamwamba pa mutu wake ngati mlongoti, ndipo amayi ochokera kuchigayo anaima kumuseka. Atafika pa zitsa ziwiri zija anatsika njinga. Anatulutsa malegeni, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Kudula chikopa kukanatenga mphindi imodzi, kumanganso ndi mphira mphindi khumi. Anawabwezera m'thumba osachita kanthu, komanso osawataya.

Anafika pasukulu 3 koloko itangopitirira. Alinafe anali pa geti, atavala diresi lake la kutchalitchi ngakhale linali Loweruka. Ataona chimene chinali kumsana kwa mnzake, anagwira pakamwa.

"Temwani, wamutani Kakowa?"

"N'namukweza pa kaliyala."

Alinafe anayang'ana ku ofesi ya aphunzitsi, kenako anamukokera mnzake kuseri kwa mpanda.

"Tamvera. Madamu sanakuone. Ndipatse ineyo. Ndipita naye kunyumba, Lolemba ndidzanena kuti wathyokera kwa ine."

"Wapenga?"

"Sindinapenge. Ife fodya akangogulitsidwa tikubwerera ku Kasungu, bambo anena kale. Ku Chipata sindikanapitako ngakhale nditapambana. Komanso anthu akuti kale ndine wosasamala, ndiye palibe chatsopano. Iweyo uli ndi mwayi. Kanema watuluka bwino?"

"Watuluka bwino."

"Basitu. Masula chitenjecho."

Temwani anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Munthu amene iye anafuna kumutchera msampha m'mawa ndi yemweyo amene amadzipereka yekha kulowamo. Anapisa m'thumba, natulutsa malegeni aja, n'kuwaika m'manja mwa Alinafe.

"Ichi n'chiyani?"

"Ni amene n'namangila poyamba. Akuda, kuti asaoneke. N'nafuna nikupatse Kakowa ali conco, kuti akathyokele kwa iwe mailo."

Alinafe anayang'ana malegeniwo, kenako anayang'ana Temwani. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, ndipo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Unadziwa kuti andichotsa," anatero pomaliza.

"N'nadziwa."

Temwani anadikira kuti mwina mnzakeyo amutukwana, koma Alinafe anangofumbata malegeni aja n'kuyang'ana kumbali. Temwani anatsamiritsa njinga pa mpanda, anakonza mfundo ya chitenje pachifuwa, n'kuyamba kuyenda kulowera ku ofesi. Anadutsa bwalo lonse la sukulu, nsungwi ikugwedera pamwamba pa mutu wake, anyamata a mpira atasiya kusewera kuti amuone.

Pakhomo anachita kuwerama kuti mwendo wa Kakowa usagunde denga la khonde. Anapuma kamodzi, n'kugogoda.

"Odi, Madamu."

Mkati munamveka mpando ukukhwekhwerezedwa.

"Lowa, Nyirenda," anayankha mawu aakulu achimuna. "Nakuona kucokela pa geti."

Sanali Madamu Zimba. Anali ahedi, mwini wake wa lamulo lija.